Aspen Plus pa reactive distillation, patatha miyezi 8

Papita miyezi 8 chiyambireni kugwiritsa ntchito Aspen Plus, pulogalamu ya pa kompyuta yoyeserera mmene fakitale ya ma chemical ingagwirire ntchito, pa project yanga ya methyl acetate, ndiye anzanga ena mwakhala mukundifunsa ngati ndikuyiyamikirabe ngati mmene ndinkachitira poyamba paja. Eya ndikuyiyamikirabe, koma nthawi ija ndinali ndisanapse zala.

Kwa amene simukuidziwa nkhaniyi, acetic acid ndi methanol zikakumana zimapanga methyl acetate ndi madzi, koma reaction yake imabwereranso m'mbuyo ndiye siitha yonse, komanso methyl acetate ili ndi ma azeotrope awiri (zosakaniza zomwe zimawira limodzi ngati chinthu chimodzi), ina ndi methanol ina ndi madzi, moti kungophika basi sizilekana. A Eastman ku Kingsport, Tennessee anathana nazo m'ma 1980 poika zonse, reaction ndi kulekanitsa komwe, mu column imodzi (thanki yaitali yoimirira yolekanitsira zinthu poziwiritsa), ndiyo reactive distillation imeneyo, acid kulowa chakumtunda, methanol chakumunsi, sulfuric acid ngati catalyst, product kutuluka pamwamba madzi pansi, ntchito yomwe kale inkafuna reactor ndi gulu la ma column. Ine ndimafuna kumanga zimenezo mu RadFrac, gawo la Aspen Plus lomangira ma column.

Chinandigwetsa mwezi woyamba ndi thermodynamics, ndipo cholakwa chinali changa. Ndinasankha NRTL yokhayokha (njira yowerengera mmene zamadzimadzi zosakanizana zimakhalira), model inayenda, pansi apo palembedwa Results Available, ine mtima mbee kupita nazo kwa a supervisor. Iwo sanayang'ane nkomwe purity yanga yokongola ija, anangotsegula temperature profile nkundifunsa kuti achimwene, acetic acid yanuyi ikakhala nthunzi imayenda yokha? Zii. Kumeneko nkomwe ndinadziwira kuti ma molecule ake mu nthunzi amagwirana awiriawiri, ndiye pamafunika kuwonjezera njira yowerengera zimenezo ya Hayden-O'Connell, ija amalemba NRTL-HOC. Nditasintha manambala onse anasuntha, masabata atatu a ma graph kudzala mu bin.

Za convergence zokha, kutanthauza kuti pulogalamu ifike pa yankho lokhazikika, ndikhoza kulemba tsiku lonse. Ukangoika reaction yonse kamodzi column imakana, error mbwee, umayesa kukweza ma iteration kuchoka pa 25 kufika 200 koma ayi ndithu imangozungulira ngati galu wofuna pogona. Chomwe chimandithandiza pano nkuyamba opanda reaction, iyende kaye ngati distillation wamba, kenako Generate Estimates, kenako ndiyike holdup (kuchuluka kwa zamadzimadzi zokhala pa tray iliyonse, mashelefu a mkati mwa column) yochepa kwambiri nkumakweza pang'onopang'ono, run iliyonse kusunga file yake. Folder yanga ili ndi ma file mpaka v41, osaseka. Ndipo setting ya convergence yotchedwa Strongly non-ideal liquid muziitchera kuyambira pachiyambi.

Holdup yomweyo ndi imene anthu amanamizira nayo osadziwa. Ukaika yaikulu conversion imakwera bwinobwino, pulogalamu siikufunsa ngati madzi ochuluka choncho angakwane pa tray yeniyeni, zimenezo ndi zako, utenge diameter ndi kutalika kwa weir (kakhoma kotchinga madzi pa tray) uwerengere wekha.

Koma pomwe inandigwira mtima ndi pa reflux, gawo la zotuluka pamwamba lomwe umabwezeranso mu column. Kusukulu tinazolowera zoti ukakweza reflux product imayera, ndiye ndinapanga sensitivity, kukweza reflux pang'onopang'ono nkumaona purity, ndikudziwa kale yankho, koma graph inakwera kenako nkuyamba kutsika. Ndinaganiza kuti ndaphwanya china chake, ndinabwereza katatu usiku umenewo tiyi atazizira pa tebulo. Ayi, ndi mmene zilili, reflux ikachuluka column imalekanitsa methanol ndi acid mwamphamvu, imodzi imawira pa 65 °C inayo pa 118 °C, zimasiya kukumana pakati paja pomwe pali catalyst. Zimenezi pa pepala sindikanaziona.

Laputopu ya 8 GB ikukwanitsa bola Chrome utseke. License ndimagwiritsa ya kusukulu ndiye intaneti ikadula ntchito yaima, ndinaphunzira kusunga ndisanadine Run.

Amene mukungofuna kuphunzira distillation wamba yambani ndi pulogalamu ya DWSIM, ndi yaulere. Ine ndikhala pomwepa, mwezi wamawa ndikuchotsa sulfuric acid ndiyese Amberlyst 15 (catalyst yolimba ya timikanda) ndi rate-based (kuwerengera liwiro lomwe zinthu zimasinthana pakati pa nthunzi ndi zamadzimadzi), file ya v42 ndatsegula kale.