Lamba wa padzanja wa kamera: zimene ndaona patatha miyezi 8

Kwa zaka zingapo ndinkakolowekera kamera m'khosi ndi lamba amene amabwera m'bokosi limodzi ndi kamerayo, ndipo sindinkaganiza zosintha mpaka pamene ntchito zojambula tsiku lathunthu zinayamba kuchuluka. Kamera yanga ndi Canon EOS 5D Mark IV, yolemera magalamu 890 ikakhala ndi batire ndi khadi, ndipo lenzi ya 24-70mm f/2.8 imene ndimagwiritsa ntchito kwambiri imawonjezerapo magalamu ena oposa 800. Katundu wa makilogalamu pafupifupi 1.7 akalendewera m'khosi kuyambira m'mawa, pofika madzulo khosi limakhala litauma ndipo mapewa amawawa mpaka tsiku lotsatira. Ndicho chifukwa chake ndinagula lamba wa padzanja, ndipo ndikulemba ndemangayi nditamugwiritsa ntchito miyezi 8.

Amene akufuna kugula adziwe kaye kuti malamba awiri osiyana amagulitsidwa ndi mayina ofanana. Woyamba ndi kachingwe kozungulira pamkono, kamene ntchito yake ndi kugwira kamera ikapulumuka m'manja, koma sikathandiza kunyamula kulemera kwake ngakhale pang'ono. Wachiwiri, amene ndinagula ine, amadutsa kuseri kwa dzanja lamanja: nsonga ina imalowa pa kachitsulo ka m'mbali mwa kamera pamene pamamangidwa lamba wa m'khosi, ndipo ina imamangidwa pa kachitsulo kophwatalala kamene kamakhomeredwa pansi pa kamera ndi kabawuti ka 1/4 inchi, m'bowo lomwe lija loikira tripodi, choimikapo kamera cha miyendo itatu. Ndinatsala pang'ono kugula wa mtundu woyamba chifukwa zithunzi za ogulitsa sizinkaonetsa bwino kusiyanaku. Kwa kamera yaing'ono yopepuka kachingwe ka pamkono n'kokwanira, koma kwa kamera yolemera ngati yanga ndi wachiwiriyu amene amathandiza.

Chimene chinanditengera nthawi ndi kupeza muyeso woyenera, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri amene amadandaula za malamba amenewa analephera apa. Tsiku loyamba ndinamukoka kwambiri poganiza kuti kuthina ndiko chitetezo. Chikhatho chinamatirira ku kamera moti chala cha mkombaphala chinkafika movutikira pa batani lojambulira, chala chachikulu sichinkafika bwino pa kagudumu ka kumbuyo ndi pa batani la AF-ON, limene limauza lenzi kuti ilunjike pa chinthu chojambulidwa, ndipo pasanathe ola limodzi zala zinachita dzanzi. Nditamumasula mopitirira, kamera inayamba kupendekera kutsogolo ndipo ndinabwerera ku chizolowezi chakale choifinya ndi zala zonse. Muyeso umene ndinakhazikika nawo ndi uwu: ndikatsitsa mkono n'kutambasula zala, kamera imakhalabe padzanja osagwedezeka, koma ndikaikweza pankhope chala cha mkombaphala ndi chachikulu zimayenda momasuka. Zinatenga masiku angapo a kukoka ndi kumasula pang'onopang'ono kuti ndifike pamenepa, choncho ndikulangiza kusankha lamba amene angasinthidwe ndi dzanja limodzi kamera ili m'manja, pakuti wofuna kumuvula kaye asanasinthidwe amagwetsa ulesi ndipo munthu amangomusiya pa muyeso wolakwika.

Muyeso utakhala bwino, phindu lake linaoneka msanga. Kulemera kwa kamera kumagawanika kuseri kwa dzanja lonse, ndipo zala zitatu zimene kale zinkafinya chogwirira tsiku lonse tsopano zimapuma pakati pa chithunzi ndi chithunzi. Kamera imakhala yokonzeka nthawi zonse, kotero kuti chinthu chikachitika mwadzidzidzi ndimangokweza mkono, osayamba ndafunafuna chogwirira kapena kukonza lamba wopiringizika. Ndaonanso kuti dzanja limene silikufinya mwamphamvu silinjenjemera kwambiri, zimene zimathandiza pojambula m'malo a kuwala kochepa. Khosi langa lapumula ndithu. Kachitsulo ka pansi ndi ka muyeso wa Arca-Swiss, umene matripodi ambiri amagwiritsa ntchito pogwira kamera, choncho kamera imalowa pa tripodi yanga popanda kuchotsa kanthu, ndipo mfundo imeneyi ndi yofunika kuifunsa musanagule chifukwa si malamba onse amene ali choncho.

Zofooka ziliponso ndipo ndiyenera kuzitchula mwachilungamo. Chachikulu ndi kabawuti ka pansi, kamene kamamasuka pang'onopang'ono chifukwa dzanja limapotoza kachitsulo kaja nthawi zonse. Tsiku lina ndinamva kamera ikugwedera m'manja, ndipo nditayang'ana ndinapeza kabawuti katatsala pang'ono kutuluka. Mtima unagunda kwambiri poganiza zimene zikanachitikira lenzi. Kuyambira tsiku limenelo ndimakalimbitsa ndisanayambe ntchito iliyonse, ndipo ndimayang'ananso ulusi wosokera ndi pamene lamba amakhudzana ndi chitsulo, chifukwa ndi pamene amayambira kutha. Kansalu kofewa ka m'kati kamamwa thukuta kukatentha ndipo kamafuna kupukutidwa kawirikawiri, apo ayi kamayamba fungo. Pa kamera yanga yachiwiri, yaing'ono yopanda kalilole m'kati, kachitsulo ka pansi kankatchinga chitseko cha batire, ndipo chogwirira chake chachifupi sichinagwirizane ndi lambayu, moti ndinamubwezera pa kamera yaikulu.

Kujambula chithunzi choimirira kumavutirapo. Popeza dzanja ndi lomangika, mkono wonse uyenera kutembenuka ndi kukwera pamwamba pa mutu, ndipo amene ali ndi chogwirira cha mabatire owonjezera chokhala ndi batani lake lojambulira ayenera kutulutsa dzanja mu lamba kuti aligwiritse ntchito. Kusintha lenzi nakonso kumafuna manja awiri ndi malo oikapo kamera, pamene lamba wa m'khosi amalola kuisiya ilendewere pachifuwa. Pa ntchito zofuna kusinthasintha malenzi ndimamangirira malamba onse awiri, pakuti kachitsulo ka pansi kali ndi bowo lachiwiri lolola zimenezi.

Chenjezo lina ndi la malenzi aatali. Lenzi ya 70-200mm f/2.8 imalemera pafupifupi makilogalamu 1.5, ndipo si nzeru kuilola ilendewere kuchokera ku kamera imene yagwiridwa ndi dzanja lamanja lokha, chifukwa kulemera konseko kumapita pa mphete yolumikizira lenzi ndiponso pa mfundo ya dzanja. Ndikaikapo lenzi yotereyi dzanja lamanzere limakhala pansi pake nthawi zonse, ndipo lamba amangothandiza kuti kamera isapulumuke.

Lambayu ndikumupatsa nyenyezi 4 mwa 5, ndipo imodzi ndachotsa chifukwa cha kabawuti komasuka kaja ndi kansalu komwa thukuta. Ndi woyenera munthu amene amajambula maola ambiri ndi lenzi imodzi yolemera mwapakatikati, kamera ili m'manja nthawi yonse. Amene amayenda mtunda wautali n'kumajambula mwa apo ndi apo adzatopa naye, chifukwa dzanja lamanja silimasuka kuti agwire china chilichonse. Wanga akadzatha ndidzagulanso wa mtundu womwewu, koma ulendo umenewo ndidzatenga kamera yanga kuti ndikamuyese padzanja ndisanamulandire.