Buku la Suetonius la olamulira 12 a ku Roma, kope la Penguin Classics

Munthu amene akufuna kuyamba kugula mabuku akale ofotokoza mbiri ya ku Ulaya ndi miyoyo ya olamulira otchuka angachite bwino kuyamba ndi The Twelve Caesars la Suetonius, makamaka kope la Penguin Classics limene Robert Graves anamasulira kuchokera m'Chilatini mu 1957 ndipo James Rives analikonzanso mu 2007. Bukuli linalembedwa cha m'ma 121, pa nthawi imene Suetonius anali mlembi wa makalata wa mfumu Hadrian, ndipo limalondoloza olamulira 12 kuyambira kwa Julius Caesar, amene anaphedwa mu 44 Yesu asanabadwe, mpaka kwa Domitian, amenenso anaphedwa mu 96.

Mphamvu ya bukuli ili pa momwe wolembayo amawayandikira anthuwa. Suetonius sataya nthawi yaitali pa nkhondo. Iye amalowa m'nyumba mwa mfumu, n'kuona chimene ikudya, chimene ikuopa ndi chimene ikubisa. Amatiuza kuti Julius Caesar ankachita manyazi ndi dazi lake, moti ankapesa tsitsi lotsalalo kulozetsa kutsogolo, ndipo pa maulemu onse amene anapatsidwa ankakondwera kwambiri ndi chilolezo chovala nkhata ya masamba nthawi zonse. Augustus, yemwe uja amatchulidwa pa Luka 2:1, anali ndi mano ang'onoang'ono otalikirana, ndipo ankavala nsapato zokwera pang'ono kuti aoneke wamtali. Pamene magulu atatu a asilikali otsogozedwa ndi Varus anathera ku Germany m'chaka cha 9, mfumuyi inakhala miyezi ingapo yosameta tsitsi ndi ndevu, nthawi zina ikumenyetsa mutu pachitseko. Vespasian naye anaika msonkho pa mkodzo wa m'zimbudzi za mumzinda, ndipo mwana wake Titus atadandaula, bamboyo anamununkhitsa ndalama ya msonkhowo n'kumufunsa ngati ikununkha.

Chigawo cha Augustus ndicho chokoma kuposa zonse m'maganizo mwanga, chifukwa Suetonius amagwira mawu a m'makalata a mfumuyo, monga onena za masewera a juga amene inkakonda, pamene m'chigawo cha Claudius muli makalata ena a Augustus osinkhasinkha chochita ndi mnyamata Claudius, amene banja linkamuyesa wopepera koma anadzalamulira kuyambira mu 41. Zigawo za kumapeto n'zazifupi ndiponso zopyapyala. Galba, Otho ndi Vitellius, amene analandana mpando m'zaka za 68 ndi 69, amangodutsa mofulumira, ndipo akatswiri ena amaganiza kuti wolembayo atachotsedwa ntchito cha m'ma 122 sankathanso kulowa mosungira zikalata za boma. Masamba oyamba a moyo wa Julius Caesar anatayika kalekale, choncho wogula asadabwe kuti bukuli likuyamba mnyamatayo ali kale m'chaka chake cha 16, bambo ake atangomwalira.

Pali zinthu ziwiri zimene zingakhumudwitse wowerenga. Suetonius satsata ndondomeko ya zaka, koma amasanja nkhani potengera mitu: makolo, kubadwa, ntchito za boma, makhalidwe, maonekedwe, malodza, kenako imfa. Wofuna kudziwa chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira amasokonezeka, ndipo za mmene zigawo za ufumuwo zinkayendetsedwera kapena mmene alimi ndi akapolo ankakhalira sapezamo zambiri. Chinanso n'chakuti wolembayo amasakaniza umboni wa m'zikalata ndi miseche ya pabwalo popanda kupeta mokwanira. Nkhani yotchuka ya hatchi ya Caligula yotchedwa Incitatus, imene akuti ankafuna kuipatsa udindo waukulu m'boma, Suetonius mwiniyo amaifotokoza ngati mphekesera chabe, koma ambiri amaibwereza ngati chinthu chimene chinachitikadi. Tisaiwalenso kuti iye ankalemba pansi pa mafumu amene sankaona vuto kuti mabanja olamulira akalewo ade mbiri. Zigawo za Tiberius, Caligula ndi Nero zili ndi nkhanza komanso zadama zofotokozedwa mosabisa, motero si buku lopatsa ana.

Owerenga Baibulo adzapezamo chiganizo chimodzi chofunika, chonena kuti Claudius anathamangitsa Ayuda mu Roma chifukwa cha zipolowe zokhudza munthu wotchedwa Chrestus, zimene zikugwirizana ndi Machitidwe 18:2. Okonda mbiri ya m'zaka zotsatira adziwenso kuti Einhard, polemba moyo wa Charlemagne, mfumu yotchuka ya ku Ulaya, m'zaka za m'ma 800, anatsanzira kwambiri kalembedwe ka chigawo cha Augustus.

Chingerezi cha Graves n'chosalala ndipo sichifuna dikishonale pafupipafupi, ngakhale kuti iye ankalowetsa mafotokozedwe ake m'kati mwa mawu a Suetonius, zimene Rives anazikonza n'kuwonjezera mawu oyamba ndi ndemanga zothandiza pa mayina a maudindo achiroma. Pogula kope logwiritsidwapo ntchito, ndi bwino kutsegula tsamba loyamba n'kuona dzina la wokonzanso, chifukwa makope akale a Penguin ali ndi dzina la Michael Grant kapena la Graves yekha, ndipo alibe ndemanga za Rives.