Ma coilover pa Toyota 86 yanga, mmene akuyendera pano

Amene mwakhala mukundifunsa za ma coilover (mashoko okhala ndi masipuling'i awo, otheka kukweza kapena kutsitsa galimoto) aja ndinamanga pa 86, ndati ndikuyankheni nonse pakamodzi poti tsopano aona fumbi la nyengo yozizira kuno ku Joni, mvula nayonso yawapeza. Ndalama sinalowe m'madzi ayi, koma chimene chandidulira masekondi pa gymkhana si kutsitsa galimoto monga ambiri amaganizira, ndi camber (kupendekeka kwa tayala) ndi alayimenti basi.

Kwa amene simunaonepo, gymkhana kapena autocross ndi ija amandandalika makoni pabwalo, ngati pa skidpan (bwalo loyesererapo kuterereka kwa galimoto) ya ku Zwartkops kufupi ndi Centurion, umalowa wekhawekha kulimbana ndi wotchi, nthawi zambiri uli mu giya 2, ukagunda koni akuwonjezera masekondi. Ndiye kumbukirani kuti Johannesburg ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 pamwamba pa nyanja yamchere, mpweya ndi wochepa moti injini yopanda turbo ngati 2.0 ya 86 imataya mphamvu mwina 17 peresenti. Wa Golf GTI ya turbo akakusiya poongoka osadandaula, ife timadyera pakona.

Vuto la 86 ikamachokera ku fakitale ndi kutsogolo. Kuli mashoko a mtundu wa strut ya MacPherson, camber yake pafupifupi ziro, ndiye ukalowa pakona mwaukali tayala lakunja limagonera m'mphepete, iwe wakhotetsa sitiyaring'i galimoto ikungopitabe kutsogolo. Ma coilover anga anabwera ndi ma camber plate, zitsulo zosinthira camber, pamwamba, tinaika madigiri 2.5 kupendekera mkati ndipo tsiku lomwelo mphuno inayamba kumvera. Kumbuyo ndiye kuli nkhani ina, 86 ilibe posinthira camber kumbuyo, ukaitsitsa imadzipendeketsa yokha ndipo mbali ziwirizo sizifanana, ndiye wonjezani pa bajeti ma control arm (mikono yogwira tayala) osinthika, ogulitsa ambiri sakuuzani zimenezo.

Kutsitsa ndinatsitsa mamilimita 25 okha. Anyamata kuno amafuna igwe mpaka chala chisalowe pakati pa tayala ndi bodi, pa chithunzi zimaoneka bho sindikana, koma pa MacPherson ukapyola muyeso arm yapansi imayamba kuloza m'mwamba, roll centre (pomwe bodi imagenukira) imagwa ndiye galimoto imagenuka kwambiri pakona ngakhale masipuling'i ali olimba, kuwonjezera apo shoko yatsala ndi kampata kochepa kosewerera. Titamaliza tinaikweza pa masikelo anayi ine ndili pampando, makaniko akupotokola ma collar, mphete zokwezera ndi kutsitsira pa shoko, pang'onopang'ono mpaka kulemera kopingasa (tayala lakutsogolo mbali ina ndi lakumbuyo mbali inayo) kutafika 50 peresenti. Kuyambira pamenepo kukhotera kumanja ndi kumanzere imachita mofanana. Ndipo muuzeni makaniko wanu amange mabauti a ma bush galimoto itaima pa matayala ake, osati ili lende pa jeke, apo ayi mphira ija imakhala yopotoka ndipo siichedwa kung'ambika.

Pa ma click olimbitsira kapena kufewetsera shoko ndi pamene pandidyera nthawi. Anga ali ndi 30, ndipo aliyense akangomanga amathamangira kulimbitsa mpaka kumapeto poganiza kuti kulimba ndiye liwiro. Ukatero galimoto imamveka yachangu m'manja koma wotchi imakana, chifukwa pabwalo pali timabampu ndi zigamba ndiye tayala limangodumphadumpha m'malo mogwira pansi. Panopa kutsogolo ndili chapakati, kumbuyo ndafewetsako ma click atatu kuti ndikaponda moto potuluka pakona matako asathawe, skidpan akaithira madzi ndimafewetsanso konse. Ndimasintha chinthu chimodzi, ndizungulire, ndilembe m'kakope. Choko nachonso chimagwira ntchito, ndimalemba mzere m'mbali mwa tayala, ukafufutika mpaka pansi ndiye kuti mpweya wachepa kapena camber siinakwane.

Za tsiku ndi tsiku ndisakunamizeni, yauma. Maenje a mu Joni mvula ikagwa mumawadziwa, mahampu a mu complex ndimakwera chammbali ngati nkhanu, ndipo mayi akunyumba ananeneratu kuti ku tchalitchi tizipita pa Polo yawo. Ma camber plate aja alibe mphira ndiye kaphokoso kalikonse ka msewu kamalowa mkati, m'mawa kukazizira kumamveka gogogo mpaka itenthe. Wina anandifunsa ngati ndingapite nayo kumudzi pa Disembala kudzera Beitbridge ndi Tete mpaka Mwanza, aaa bwana, imeneyo ndi ntchito ya basi.

Mashokowa kutayikira mafuta sanayambe, kutalika sikunasinthe. Chimene chimafuna diso ndi mazinga aja a pa bodi ya shoko, fumbi ndi matope zikaumirapo collar imakana kutembenuka ngakhale ndi sipanala yake ija, ndiye ndikachotsa matayala ndimatsuka ndi kabulashi nkupaka girisi pang'ono. Matayala akutsogolo akudyeka mkati msanga chifukwa cha camber ndi msewu waukulu wa N1 wa tsiku lililonse, toe (kuloza mkati kapena kunja kwa matayala) tinaisiya pa ziro kuti zichepeko.

Amene thumba silikulola, yambani ndi mabauti a camber ndi matayala abwino, mudzadabwa. Ine chotsatira ndi sway bar (chitsulo chochepetsa kugenuka) yokulirapo kutsogolo, pa slalom, pozembazemba makoni a mumzere, galimoto ikuchedwabe kubwerera.