Dzuwa, ring flash kapena flash yophimba: kuwala koti ujambulire tizilombo pafupi

Aliyense amene anayesapo kujambula ntchentche pafupi akudziwa chimene chimachitika: maso awoneka bwino koma mapiko asanduka utsi, apo ayi zonse zachita chimbuuzi chifukwa dzanja linanjenjemera. Ukafika pa 1:1, pomwe kachilomboko kamagwa pa sensa (kachipangizo kolandira chithunzi m'kamera) kukula kwake kwenikweni, kuwala kofika mkati kumatsala gawo limodzi mwa magawo 4, ndipo pa f/11 (muyeso wa kabowo kolowetsa kuwala mu lenzi) malo owoneka bwino amangopitirira pang'ono milimita imodzi. Ndiye kaya uli ndi lenzi yojambulira pafupi ngati Tamron 90mm, kaya wangovindikira kagalasi kokuza ka Raynox DCR-250 pa lenzi wamba, kuwala ukufunika kukupeza kwinakwake.

Dzuwa ndi laulere, ndipo kwa tizilombo tikulutikulu palibe cholipambana. Mu June ndi July, m'mamawa kukadali mame, tombolombo amakhala atauma ndi chisanu pansonga ya udzu, moti umamuyandikira mpaka kuwerenga timitsempha ta m'mapiko. Kumbuyo kwake kumatuluka msipu wofewa bwino. Koma ndi kanthawi kochepa. Dzuwa likangokwera, mithunzi imalimba, tombolombo wafunda ndipo wapita, kamphepo nako kayamba kugwedeza udzu. Pa nyerere kapena kafumbwe, dzuwa la m'mawa silikwana, pokhapokha ukweze ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) mpaka chithunzi chidzale mchenga.

Ring flash, nyali yophethira yooneka ngati mphete, ndi imene ambiri timathamangira, ine ndemwe ndinaigula koyamba. Imamangika kutsogolo kwa lenzi, siisowa kuganiza, ndipo kuwala kwake kumalowa paliponse. Paja Lester Dine anaipanga mu 1952 kuti ijambulire mano m'kamwa, komwe mthunzi ndi mdani. Kachilombo si dzino. Popanda mthunzi, thupi lake limangoti papasa ngati lomatidwa papepala. Tsiku lina ndinagwada theka la ola pafupi ndi chikumbu chobiriwira chonyezimira patsamba la dzungu, kufika kunyumba n'kupeza kuti pamsana pake pali kamphete koyera ngati ka makatani, chithunzi chilichonse. Pa tizilombo taubweya monga njenjete vutoli silionekera kwenikweni.

Imene ndinakhazikika nayo ndi flash wamba ya pamwamba pa kamera, yanga ndi Godox TT350, yophimbidwa ndi diffuser (chofewetsa kuwala) yodzipangira. Ndinadula chigubu choyera cha malita 5, n'kuboola pakati kuti lenzi ilowe, chotsalacho chiweramire kutsogolo ngati chipewa. Mwala wagona apa: kuwala kumafewa pamene kukuchokera pamalo aakulu omwe ali pafupi ndi chojambulidwa. Kwa njuchi, chibenthu cha chigubu chili ngati thambo lonse la mitambo. Ubweya wake umaoneka umodziumodzi, mungu wa m'miyendo uli mbuu, ndipo m'maso mulibe kadontho kothobwa. Ine ndimayambira pa shutter (chitseko cholowetsa kuwala m'kamera) ya 1/200 ya sekondi, f/11, ISO 200, flash pa 1/16 ya mphamvu yake. Pa mphamvu yochepa chotero flash imangophethira kanthawi kafupi kuposa shutter kutalitali, ndipo ndi iyo imene imaimitsa kugwedezeka. Kupitirira f/16 musavutike, chithunzi chimayamba kufewa chokha. Kuipa kwake, chigubu chimakodwa m'nthambi, chimaopseza agulugufe, ndipo ana a m'mudzi amakutsatira akuseka. Twin flash, timaflash tiwiri tomangika kutsogolo kwa lenzi, ngati Godox MF12 imachita ntchito yomweyi mwaudongo, koma nayonso imafuna kuphimbidwa, ndipo mtengo wake ndi wina.

Nyali ya LED kapena tochi ndi yothandiza kupezera focus usiku basi. Kuwala kwake sikuimitsa nyerere yoyenda.

Chomwe anthu sauzana n'choti kuwala kumene wasankha kumasankhanso kumbuyo kwa chithunzi chako. Kuwala kwa flash kumatha msanga: mtunda ukawirikiza kawiri kumatsala gawo limodzi mwa 4. Ndiye ngati kuseri kwa chiwala kulibe kanthu pafupi, kumada bii ngati unajambula pakati pausiku. Ena amakonda zimenezo, ine zinanditopetsa. Ndimazungulira mpaka tsamba kapena duwa likhale masentimita ochepa kumbuyo kwake, kapena nditsitse shutter kufika 1/100 n'kukweza ISO kufika 400 kuti dzuwa lilowereko.

Ndipo kaya ndi kuwala kotani, kujambula uli chiimire kumangokupatsa msana wa kachilombo ndi dothi. Gona chafufumimba, lenzi ifanane msinkhu ndi maso ake, focus ikhale pa diso loyandikira, ndipo usiye mpata mbali imene kakuyang'ana. Chiswambiya ndiye amathandiza, amatembenuza yekha mutu kukuyang'ana. Tombolombo umupite cham'mbali, thupi lake lilingane ndi sensa, kuti milimita imodzi ija ikwane kuyambira kumutu mpaka kumchira. Usanagone pansipo, yang'ana kaye ngati sipakudutsa linthumbu.