Giya lakutsogolo la mano 48: zimene zaoneka patatha miyezi 8

Njinga imene tikukamba pano ndi yamba ija ya matayala a mainchesi 28, yopanda magiya osintha. Inabwera ndi mano 44 kutsogolo ndi 18 kumbuyo. Mu Meyi giya la 44 linachotsedwa n'kuikapo la 48, ndipo yayenda nalo chilimwe chonse mpaka mvula ino.

Tayala la 28 likazungulira kamodzi limadya mamita pafupifupi 2.2. Ndi 44 pa 18, kupalasa kamodzi kumakufikitsani mamita 5.4, pamene ndi 48 ndi mamita 5.9. Mukamapalasa ka 60 pa mphindi, liwiro limachoka pa makilomita 19 pa ola kufika pa 21. Phindu lake ndi lomweli, ndipo miyendo imalipira: pedulo iliyonse imalemera ndi gawo limodzi mwa magawo 11.

Pa tala, pomwe msewu wochoka ku Chipata kupita ku Katete wagona bwino, njinga ili yopanda katundu, 48 imakoma zedi. Miyendo siizungulira mwachabe ngati kale. Koma mangani thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa kaliyala, kapena matumba awiri a makala, muone. Ponyamuka muyenera kuimirira pa pedulo, ndipo zitunda zozungulira Chipata zimene munkakwera mutakhala pa sadulo tsopano mumazikwera pansi, mukukankha. M'matope a Januwale ndiye zimanyanya. Mawondo ndi amene amayamba kudandaula.

Poika pali zofunika kusamala. Pa njinga zotere giya ndi lomatiriridwa ku kiranki (mkono wa pedulo) ya kumanja, choncho mumagula kiranki yonse. Masulani nati ya kotapini, kachitsulo kamene kamagwira kiranki kuti isachoke, mpaka ilingane ndi mutu wa ulusi (mizere yomangirapo nati), chirikizani kiranki pa chitsulo, menyani natiyo kamodzi mwamphamvu. Mukamenya nati itachoka, ulusi umaphwanyika. Kotapini watsopano aloze mosemphana ndi wa kumanzere, apo ayi mapedulo sakhala pa mzere umodzi. Mano 4 owonjezera amafuna malinki awiri a tcheni, ndipo tchenicho chikhale chachikulu cha 1/8 ya inchi m'lifupi. Pomangitsa tayala siyani tcheni chizisewera ngati sentimita imodzi pakati. Onaninso ngati giya silikukhula felemu. Chotchingira tcheni chakale nthawi zambiri sichikwananso.

Chimene chinavuta kwambiri m'miyeziyi ndi kotapini. Chifukwa choponda mwamphamvu, anakhwepa msanga, kiranki n'kuyamba kugogoda pa kupalasa kulikonse. Mankhwala ake ndi kumukhomereranso ndi hamala pakatha masiku ochepa, kenako n'kumanga nati. Osamukoka ndi nati yokha, ulusi umaphwanyika. Tcheni chakale nacho sichigwirizana ndi mano atsopano: chinali chitakokeka kale, chinkalira ndipo chikanadya giya latsopano. Gulani tcheni ndi fuliwilo (giya lakumbuyo) nthawi imodzi ndi giya lakutsogololo.

Ena amasankha njira yotchipa, kuika fuliwilo ya mano 16 kumbuyo n'kusiya 44. Imeneyo ndi yolemera kuposa 48 pa 18, mamita 6 pa kupalasa kamodzi, ndipo mano ochepa amatha msanga.

Wopita kuntchito pa tala wopanda katundu, 48 imuyenera. La 52 ayi, ndi lolemera mopitirira. Koma wonyamula anthu, makala kapena ndiwo kupita nazo ku msika wa Kapata asiye 44 pamalo pake, ndipo ngati kwawo n'kwa zitunda aike fuliwilo ya mano 20.