Mtolo womanga kapena kathumba: bouquet garni yabwino ndi iti?

Ku France amati bouquet garni. Ndi timasamba tonunkhira timene amaponya mumphika nyama ikamabwata, n'kutivuula asanapakule. Tosasowa ndi titatu: thyme, bay leaf ndi parsley. Pomwe ophika amasiyana ndi pakaikidwe kake.

Ine mtima wanga uli pa mtolo wa masamba aawisi. Nthambi 3 kapena 4 za thyme, tsamba limodzi la bay, ndi mapesi a parsley, osati masamba ake, poti masambawo akakhalitsa pamoto amafota n'kudetsa msuzi pomwe mapesi amapirira. Zonsezi mumazikulunga m'tsamba lobiriwira la leek (mbewu ya mtundu wa anyezi, ya masamba aatali), n'kumanga ndi ulusi wa thonje (wapulasitiki ayi, umasungunuka). Siyani ulusi wautali mumangirire ku chogwirira cha poto kuti musadzavutike kusakasaka ndi chipande. Mu nyama ya ng'ombe yophika maola 2 kapena 3 pamoto wochepa, monga boeuf bourguignon kapena pot-au-feu, fungo limalowa pang'onopang'ono mpaka osadziwanso kuti lachokera pati. Vuto lake n'limodzi: timasamba ta thyme timathothoka n'kumayandama. M'msuzi wokhuthala palibe angaone, koma mu supu woyera wa mafupa a nkhuku timaoneka.

Apa m'pamene kathumba ka nsalu yopyapyala kamapambana. Chilichonse chosamangika ndi ulusi, kaya njere za tsabola wakuda, cloves, adyo, kapena khungu louma la lalanje monga amachitira ku Provence, kumwera kwa France, chimakhala m'katimo, msuzi n'kutuluka wosalala. Ingosiyani mpata, musakathinitse, madzi azilowa ndi kutuluka. Ngati masamba anu ndi ouma, chepetsani kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu, chifukwa ouma ndi aukali.

Timapaketi ta m'sitolo tooneka ngati ta tiyi, timene tadzaza m'masupamaketi a ku Britain, n'tothandiza tsiku lomwe mwachedwa kuweruka. Koma m'kati mwake ndi zophwanyaphwanya zouma, ndipo tikakhalitsa m'kabati fungo limathawa. Nunkhizani kaye, ngati simukumva kanthu, mphika sumvanso.

Zongomwaza masamba popanda kumanga ndiye ndimakana. Bay leaf safewa ngakhale awire tsiku lonse, ndipo sindifuna kuti mwana akakumane naye pakhosi.