WhatsApp, Zoom, maphunziro a pa intaneti kapena chikalata cha Unduna wa Zaumoyo: wazaumoyo adalire chiti mliri ukabuka?

Amene munali pa ntchito mu 2020 mukukumbukira mmene zinthu zinathamangira. Wodwala COVID-19 woyamba m'Zimbabwe muno anapezeka pa 20 Marichi, pofika pa 30 dziko linali litatsekedwa, ndipo maphunziro okhala m'holo masiku atatu aja anathera pomwepo. Chinatsala ndi foni ya m'thumba. Kolera itabukanso mu 2023, malangizo ambiri anadzeranso pa foni yomweyo. Tikuyerekeza njira zinayi zomwe anamwino, othandizira m'wodi ndi azaumoyo oyenda m'makomo ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa ndi Epworth amalandirira chidziwitso. Funso lathu ndi limodzi: pa njira zimenezi, ndi iti yomwe mungaikirepo moyo wa wodwala?

Gulu la WhatsApp

Pa liwiro ndi pa mtengo, palibe yoposa iyi. Bandulo ya WhatsApp ya Econet kapena NetOne ndi yotsika mtengo kuposa data wamba, uthenga umalowa ngakhale netiweki ikuvuta, ndipo amayi oyenda m'makomo omwe amavutika kuwerenga zambiri amatha kumvetsera uthenga wa mawu. Asisitala akafuna kuti aliyense adziwe kuti mawa katemera akuyamba 8 koloko, pasanathe mphindi zisanu onse amva.

Vuto ndi lakuti uthenga ukamayenda umathothoka. Tsiku limachoka, dzina la amene analemba limachoka, ndipo mawu ochenjeza a kumapeto ndi amene amayamba kudulidwa. Nkhani ya mankhwala a dexamethasone ndi chitsanzo chabwino. Mu Juni 2020 kafukufuku wa RECOVERY wa ku Britain anaonetsa kuti 6 mg kamodzi pa tsiku, mpaka masiku 10, amachepetsa imfa kwa odwala omwe ali pa mpweya wa okosijeni kapena pa makina opumira. Kwa odwala omwe sanafunikire kuikidwa pa mpweya, mankhwalawa sanathandize, ndipo WHO, bungwe la zaumoyo la dziko lonse lapansi, inalangiza kuti asapatsidwe. Uthenga wachidule wongoti "dexamethasone akuchiza corona" unasiya theka lofunika kwambirilo. Namwino amene anangowerenga uthenga wotere akanatha kulimbikitsa munthu wa shuga, yemwe akungotsokomola pang'ono kunyumba, kumwa mankhwala omwe amakweza shuga ndi kufooketsa chitetezo cha m'thupi.

Ife olankhula Chichewa muno mu Harare tili ndi msampha wina womwe anzathu a kuntchito alibe. Tili m'magulu a achibale a ku Lilongwe, Mangochi ndi Chipata, ndipo mauthenga ochokera kumeneko amabwera m'chilankhulo chathu, motero amamveka okhulupirika. Ena amakhala oona ndithu, koma oona kwawoko. Malawi inayamba katemera ndi AstraZeneca, yemwe wachiwiri amabayidwa patapita masabata 8 mpaka 12. Zimbabwe inayamba mu Febuluwale 2021 ndi Sinopharm, yemwe wachiwiri amabwera patangotha masabata atatu kapena anayi. Nambala ya 54747 ya Chipatala cha pa Foni ndi ya ku Malawi. Kuno nambala ya COVID-19 inali 2019. Ngakhale madzi a shuga ndi mchere a wotsekula m'mimba amasiyana muyeso: kuno timaphunzitsa masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni ya mchere m'madzi okwana 750 ml, pomwe mauthenga ambiri akunja amatchula lita imodzi.

Gululo lingakonzedwe kuti lisamasocheretse. Pakhale magulu awiri, lina lotumiza ma admin okha malangizo, lina la macheza ndi mafunso. Uthenga wokhala ndi mivi iwiri pamwamba wadutsa m'manja ambiri, choncho muutenge ngati mphekesera mpaka mutaona gwero lake. Ndipo dziwani kuti pa bandulo ya WhatsApp yokha, linki yopita kunja siitseguka. Admin amene amangotumiza linki ya webusaiti ya Unduna wasiya theka la gulu mu mdima. Atsitse yekha chikalatacho, achitumize ngati Document, osati ngati chithunzi, chifukwa chithunzi chimafinyidwa ndipo manambala aang'ono a m'matebulo sawerengekanso.

Chikalata cha Unduna kapena cha WHO chosungidwa m'foni

Iyi ndi njira yosakopa maso, koma ndiyo timaiika patsogolo. PDF yochokera ku Ministry of Health and Child Care, ku City Health (nthambi ya zaumoyo ya khonsolo ya mzinda) kapena ku WHO imakhala ndi tsiku, dzina la ofesi yomwe yatulutsa, ndi malire a malangizowo. Mukaitsitsa kamodzi imatseguka popanda data, ngakhale kampani ya ZESA itazimitsa magetsi ndipo netiweki yapita nawo.

Kuipa kwake ndi kwakuti chikalata chimakalamba chili phee, osakuuzani. Poyamba WHO inkati wodwala COVID-19 atuluke m'chipinda chodzipatula akayezedwa PCR kawiri n'kupezeka alibe kachilombo. Pofika pakati pa 2020 lamulo linasintha: masiku 10 kuchokera pomwe zizindikiro zinayamba, kuwonjezerapo masiku osachepera atatu opanda zizindikiro. Amene anasunga chikalata choyamba osafufuzanso ankagoneka anthu ochira pa mabedi ofunika ena. Choncho musanatsatire, onani zinthu zitatu: tsiku, dziko, ndi matenda omwe akunenedwa. Mukasunga, sinthani dzina la fayilo kuti liyambe ndi tsiku, monga 2023-11-kolera, ndipo chikalata chatsopano chikabwera chakale muchifufute ndithu.

Pa nkhani ya klorini ndi pomwe kusiyana kwa njira ziwirizi kumaonekera bwino. Pa COVID-19, matebulo ndi zogwirira zitseko zimapukutidwa ndi madzi a klorini a 0.1%, ndipo magazi otayika ndi a 0.5%. Pa kolera miyeso ndi ina: 2% ya chimbudzi, masanzi ndi mitembo, 0.2% ya pansi ndi mabedi, 0.05% ya m'manja. Positala ya 2020 ikazunguliranso m'gulu nthawi ya kolera, wina amathira 0.1% pa masanzi n'kumaganiza kuti wapha tizilombo. Komanso mapositala ambiri akunja amawerengera bulichi wa 5%, n'chifukwa chake amati kapu imodzi pa makapu 49 a madzi. Bulichi wa Jik wofala m'masitolo muno ndi wa 3.5%, ndipo mukamusungunula motero mumapeza 0.07% yokha. Chikalata chathunthu chimapereka masamu ake: gawani mphamvu yolembedwa pa botolo ndi mphamvu yomwe mukufuna, muchotsepo 1, yankho ndi makapu a madzi pa kapu imodzi ya bulichi. Ndi 3.5%, kuti mupeze 0.1% ndi makapu 34, kuti mupeze 0.5% ndi makapu 6. Werengani chizindikiro cha pa botolo nthawi zonse, ndipo madziwo muzikonza atsopano tsiku lililonse, chifukwa klorini amatha mphamvu akakhalitsa, makamaka padzuwa.

Msonkhano wa pa Zoom

Pali zinthu zomwe chikalata sichingaphunzitse. Kuvula zodzitetezera ndi chimodzi: anthu ambiri amadzipatsira matenda povula, pomwe dzanja lagwira kutsogolo kwa gauni kapena kwa masiki. Kuona wina akuchita pang'onopang'ono, kenako kufunsa pomwe simunamvetse, kumaposa masamba khumi. N'chimodzimodzi kugoneka wodwala chafufumimba kuti apume bwino, kapena kuwerenga kachipangizo koyezera mpweya pa chala, komwe kamanama zala zikazizira kapena zikhadabo zikapakidwa utoto.

Koma Zoom imadya. Ndi vidiyo yoyatsa, ola limodzi limatha kumaliza data yoyandikira gigabyte imodzi, ndipo bandulo ya WhatsApp siigwira pamenepo. Akaunti yaulere imadula msonkhano pa mphindi 40, kawirikawiri mafunso akungoyamba. Msonkhano wa masana umaphonya amene agwira usiku. Chomwe chimathandiza ndi kulumikiza foni kapena kompyuta imodzi pa chipatala, anthu asanu n'kumvetsera limodzi atatalikirana, kamera yanu itazimitsidwa. Wokonza msonkhano ajambule mawu okha, awadule m'zidutswa za mphindi zisanu, atumize m'gulu pamodzi ndi masilaidi. Ndipo chomwe dokotala wanena pakamwa pa Zoom, ngakhale atakhala katswiri wotchuka, si lamulo la chipatala chanu mpaka litalembedwa. Mkangano wa mankhwala a ivermectin wa kumayambiriro kwa 2021 unaonetsa kuti madokotala odziwa ntchito amatha kusiyana maganizo kwambiri, pomwe WHO mu Marichi chaka chimenecho inati mankhwalawo agwiritsidwe ntchito pa COVID-19 m'kafukufuku yekha.

Maphunziro odziphunzira nokha

Maphunziro aulere monga omwe WHO inkapereka pa OpenWHO nthawi ya COVID-19 amayala maziko bwino, gawo ndi gawo, ndi mayeso kumapeto. Nthawi yake ndi pamene kuli bata. Mliri uli pachimake, namwino wotopa sangakhale maola atatu pa mavidiyo a Chingerezi, ndipo zomwe amaphunzitsa ndi za dziko lonse lapansi, osati mankhwala omwe ali mu EDLIZ, buku la mankhwala ofunika ndi malangizo a chithandizo la kuno ku Zimbabwe. Ngati mukufuna mapointi a CPD (osonyeza kuti mukupitiriza kuphunzira pa ntchito), funsani ku Nurses Council, bungwe loyang'anira anamwino, musanayambe ngati satifiketiyo amaivomereza.

Nanga za odwala zipite kuti?

Apa sitikuyerekezanso, chifukwa WhatsApp yaluza. Kujambula kaundula wa odwala n'kutumiza m'gulu ndi kophweka, koma chithunzicho chimalowa m'foni ya aliyense wa m'gulumo, chimakasakanikirana ndi zithunzi za ukwati, ndipo madzulo foniyo imakhala m'manja mwa ana. M'madera athu momwe anthu amadziwana ku tchalitchi, ku mzikiti ndi ku bungwe la maliro, dzina limodzi lotuluka limakwanira kuti banja lisalidwe pa mjigo. Lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021 limaika nkhani za umoyo wa munthu pakati pa zinthu zotetezedwa mwapadera. Mayina, manambala a ziphaso ndi zotsatira za magazi malo ake ndi kaundula wa chipatala, Impilo (kaundula wa odwala wa pa kompyuta) pomwe ilipo, ndi mafomu a malipoti omwe amakalowa mu DHIS2, pulogalamu yomwe Unduna umasungiramo ziwerengero za zaumoyo.

Pakafunika kufunsa dokotala mwachangu, lembani zaka, ngati ndi mwamuna kapena mkazi, zizindikiro ndi miyeso, popanda dzina kapena nambala ya nyumba, ndipo mutumize kwa iye yekha. Ngati mukujambula X-ray kapena pepala la labu, phimbani mzere wa dzina ndi kapepala musanajambule. Mu gulu la kuntchito zimitsani Media visibility kuti zithunzi zisamapite ku galare, foni ikhale ndi PIN, ndipo amene wasamutsidwa kapena wasiya ntchito admin amuchotse m'gulu tsiku lomwelo.